Tsamba Lopanda Muzu: Maganizo pa Mphini Zamakono za Masamba

Pa Khrisimasi yapitayi mlongo wanga adanditumira mwana mamawa, dzuwa lisanatuluke, kuti ndifike msanga chifukwa kunyumba kwake kudagwa nkhani. Mtima udandigunda, poti uthenga wa mbandakucha kawirikawiri umakhala wa matenda kapena wa maliro. Nditafika ndidapeza onse ali bwino, koma nkhope zili ndwii. Mwana wake wamkazi, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adaafika dzulo lake madzulo, ndipo pamene ankapinda manja a malaya kuti atsuke mbale, mayi wake adaona kuti mkono wamanzere ngolembedwa kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono.

"Achimwene," adatero mlongo wanga, "mwinimbumba ndinu. Muuzeni mwana wanuyu kuti zimene wachitazi nzachikunja. Ine sindikakhala naye pa benchi limodzi ku Misa."

Ndidapempha kuti ndiuone mkonowo. Kunena zoona, ndinkayembekeza kuona chigaza, njoka, kapena dzina la mnyamata wina. Koma ndidaona masamba. Tsinde lopyapyala ngati ulusi lidayanga mozungulira mkono, ndipo pa tsindepo padaphuka masamba a manomano, opindika kunsonga ngati nyanga za nkhosa. Panalibe utoto wofiira kapena wobiriwira. Idali inki yakuda yokha, mizere yaing'ono ngati tsitsi, ina yoyandikana kwambiri kotero kuti ukaima patali inkaoneka ngati mthunzi. Wolembayo adali mmisiri, zimenezo sindingakane. Ndipotu tsambalo ndidalizindikira, chifukwa ndidaliona kale pamitu ya mizati m'zithunzi za matchalitchi a ku Roma ndi m'mphepete mwa mabuku akale a Misa.

"Mwanawe, kodi tsamba limeneli ukulidziwa dzina lake?"

"Iyayi amalume. Ndidangoliona pa foni, n'kulikonda."

Yankho limeneli ndilo landilembetsa nkhani ino. M'nyumba muja mudali anthu awiri okondana, wina ataweruza asanayang'ane, wina atavala asanafunse. Ndikhulupirira kuti m'mabanja ambiri a m'maparishi mwathu mlandu wotere wafika kale kapena uli m'njira, chifukwa mphini zamakonozi, zimene achinyamata amazitcha matatuu, zafala m'mizinda ya dziko lonse lapansi, makamaka za mtundu uwu wa mizere yopyapyala umene m'Chingerezi akuti fine line. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tsono, awerengi okondedwa, tifunse kumene tsambali lidachokera, kumene mzerewu udachokera, ndi zimene khungu la munthu limachita nazo ziwirizi.

Dzina la tsambali ndi acanthus, chitsamba chomera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Mmisiri wina wa zomangamanga wa ku Roma, Vitruvius, amene adalemba buku lake zaka zowerengeka Ambuye Yesu asanabadwe, adasimba m'mene tsambali lidalowera m'ntchito ya amisiri. Akuti mumzinda wa Corinth, womwe uja timauwerenga kuti Korinto m'makalata a Paulo Woyera, mudamwalira namwali amene adaali atangofika msinkhu wokwatiwa. Mlezi wake adasonkhanitsa tizikho timene mtsikanayo ankatikonda, natiika m'dengu, nakasiya dengulo pamtumbira, atalivundikira ndi phale la denga kuti tisaonongeke. Mwangozi dengulo lidakhala pamwamba pa muzu wa acanthus. Nyengo ya mphukira itafika, masamba adatuluka m'mbali mwa dengu, nakwera, ndipo atagunda phale lija adapindikira pansi. Wosema miyala wotchuka, Callimachus, podutsa pamandapo adachita chidwi, natengera maonekedwe amenewo posema mutu wa mzati umene mpaka lero umadziwika ndi dzina la mzinda wa Corinth.

Nkhaniyi ili ngati nthano, komabe ikutiuza m'mene anthu akalewo ankalionera tsambali. Kwa iwo lidali tsamba la pamanda, lomera mokakamira pansi pa katundu wolemera, lofungatira tinthu ta mwana amene adapita msanga. Kukongola kwa kupindika kwake kudabwera chifukwa cha phale lolipsinja.

Aroma adalitenga tsambali nalipatsa ntchito ina. M'chaka cha 9 Khristu asanabadwe, mu ulamuliro wa mfumu Augustus, mu Roma mudatsegulidwa guwa lotchedwa Ara Pacis, ndiye kuti Guwa la Mtendere. Kumunsi kwa makoma ake a mwala wa mabo adasemako ziyangoyango za acanthus, zotuluka m'phata limodzi n'kumwazikira uku ndi uku mwadongosolo, kusonyeza kuti nkhondo zatha ndipo nthaka yayambanso kubereka. Wopenyetsetsa amapezamo abuluzi, achule, ndi njoka ikukwawira chisa cha tiana ta mbalame. Osemawo ankadziwa kuti m'munda weniweni mumakhala zoluma.

Koma ntchito imene ine ndimaiyesa yopambana zonse ili m'tchalitchi cha San Clemente, kufupi ndi Colosseum, mu Roma momwemo. Pamwamba pa guwa la nsembe pali chithunzi chachikulu cha timiyala ndi timagalasi, chopangidwa m'zaka za m'ma 1100. Pakati pali mtanda, Ambuye atapachikidwa, Amayi Maria ndi Yohane ataima m'mbali, ndipo pamtandapo pali nkhunda 12 zoimira Apostoli. Mtandawo watuluka m'chitsamba cha acanthus, ndipo kuchokera m'chitsamba chomwecho nthambi zayanga m'mikombero yambirimbiri mpaka kudzaza khoma lonse. Pansi pake pakutumphuka mitsinje 4, nswala zikumwa madzi. M'kati mwa mikombero muja muli mbalame, muli aphunzitsi a Eklezia akulemba, muli abusa ndi ziweto zawo, mulinso mayi akudyetsa nkhuku zake. Mawu olembedwa m'munsi akufanizira Eklezia ndi mpesa umene mtanda umaubiriwitsa. Taganizani, abale: mayi wodyetsa nkhuku, ngati mlongo wanga yemwe, ali ndi malo ake m'nthambi zotuluka pamtanda wa Khristu! Pamenepa palibe tsamba longodzazira malo. Mutalondola nthambi iliyonse ndi chala, idzakufikitsani patsinde pa mtanda.

Palinso china. Dzina loti acanthus n'lapachibale ndi liwu lachigriki lotanthauza munga, liwu lomwe alembi a Mthenga Wabwino adaligwiritsa ntchito pofotokoza chisoti chimene asilikali adaveka Ambuye. Mtundu wina wa chitsambachi ulidi ndi minga kunsonga za masamba. Mkhristu wodziwa zimenezi akaliona tsambali pamzati wa tchalitchi amakumbukira nthaka yotembereredwa ya m'buku la Genesis ndi mutu wa Mpulumutsi wake.

Nanga tsambali lidayenda bwanji kuchoka pamanda ndi paguwa kudzafika pamkono wa mwana wa mlongo wanga? Lidayenda m'mabuku a zitsanzo. Mu 1856 Owen Jones adasindikiza ku London buku lalikulu lotchedwa The Grammar of Ornament, m'mene adasonkhanitsamo zokongoletsa za mitundu yambiri ya anthu, chilichonse chitachotsedwa pamalo pake n'kuikidwa pa pepala pambali pa chinzake. Mu 1875 William Morris adajambula acanthus pa mapepala omata m'makoma a nyumba za anthu opeza bwino. Kenaka tsambali lidafika pa nsalu, pa mbale, pa mipando, ndipo masiku ano lili pa Instagram ndi pa Pinterest, pamene munthu amalipeza pongosisita foni ndi chala. Pa ulendo wonsewu lidasunga kupindika kwake, koma dengu, manda, minga ndi mtanda zidatsala m'njira.

Mzere wopyapyalawo nawo uli ndi kwawo, ndipo ambiri odzilemba sakudziwako. Lero umaoneka ngati chinthu cha anthu a ndalama, koma udabadwira m'ndende za ku California, pakati pa akaidi ochokera m'mabanja a Chimexico. Kumeneko kunalibe makina enieni kapena utoto wamitundumitundu. Akaidi ankapanga makina ndi kainjini ka wailesi ya kaseti, thunthu la bolopeni ndi nsambo ya gitala yonoledwa, inki n'kukhala mwaye wosungunula. Popeza singano idali imodzi yokha, mizere inkatuluka yaing'ono, ndipo chimene ankakonda kulemba chidali nkhope ya mayi wawo, manja opemphera, korona, ndi Amayi Maria a ku Guadalupe. Mu 1975 Charlie Cartwright ndi Jack Rudy adatsegula malo otchedwa Good Time Charlie's ku East Los Angeles, natulutsa luso limeneli kunja kwa mpanda wa ndende, ndipo pambuyo pake Freddy Negrete, amene adaphunzirira kulemba m'kati mwa mpanda womwewo, adadzagwira nawo ntchito. Motero mzere nawonso udayamba ngati tsamba lija: pansi pa katundu wolemera, ndi chifukwa chomveka. Mkaidi ankalemba pakhungu chimene akuluakulu a ndende sakadatha kumulanda.

Tsopano tifike pa khungu, pakuti apa mpamene luso limeneli limayesedwa. Khungu lili ndi magawo. Gawo lapamwamba limafunduka ndi kumera lina pafupifupi mwezi uliwonse, choncho inki yoikidwa m'menemo imachoka ngati litsiro. Singano iyenera kufika m'gawo lachiwiri, kuya kwa milimita 1 kapena 2. Ikaperewera, mzere umadukaduka chilonda chikapola. Ikapitirira, inki imamwazikira m'mafuta a pansi n'kuoneka ngati yatayikira pa pepala lonyowa. Thupi limaiona inkiyo ngati mdani, n'kutumiza maselo ake oteteza kuti akaimeze. Maselowo amaimezadi, koma amalephera kuigaya, ndiye amangokhala pomwepo ataisunga. Mu 2018 akatswiri a ku Marseille, m'dziko la France, adaonetsa poyesa pa mbewa kuti selo lotere likafa limataya inkiyo, ndipo lina latsopano limaitola. Ndiye kuti mphini siili ngati chilembo chogoba pa mwala. Ili ngati katundu amene thupi limangolandizana moyo wonse. Pakupita kwa zaka timadontho ta inki timasuntha pang'onopang'ono, dzuwa limaifwifwitsa, khungu limatamuka ndi kuchita makwinya. Mizere iwiri imene lero yalekana ndi mpata wa tsitsi limodzi idzakumana, ndipo mitsempha yokongola ya tsamba idzasanduka banga lotuwa. Pa zala ndi pa mapazi zimenezi sizichedwa n'komwe.

Kwa ife akhungu lakuda pali mfundo ina imene zithunzi za pa foni sizinena. Inki imagona pansi pa gawo limene limasunga mtundu wa khungu, ndiye timaiona ngati chinthu choyang'anira pa galasi lakuda. Zitsanzo zambiri zimene ana athu amasirira zidajambulidwa pa khungu loyera, tsiku lomwelo singano itangochoka, nyali zikuwala bwino. Mzere womwewo pa mkono wathu, ukapola, umazilala msanga. Tilinso ambiri amene khungu lathu limachita zipsera zotupa likavulala, ndipo makina a laser ofufutira mphini, kuwonjezera pa kudula mtengo ndi kufuna maulendo ambiri, amatha kusiya mawanga pa khungu lakuda. Singano yosaphikidwa bwino kapena yobwerekana imafalitsa matenda a chiwindi ndi kachilombo ka HIV. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndimagoma ndi nzeru za agogo athu. Iwonso ankatema mphini, kumaso, pachifuwa ndi pamimba, ndi lumo ndi makala osinja. Koma mphini zawo zinkatukuka pang'ono pamwamba pa khungu, kotero kuti zinkaoneka ndi kuwala kwa dzuwa ndipo zinkamveka ndi chala. Adalidziwa khungu limene ankalembapo. Ndiponso mphini zokongoletsazo zidali ndi chonena: kuti uyu wakula, uyu ngwa mtundu wakuti, uyu adapirira ululu pamodzi ndi anzake. Sindikunena za mphini za mankhwala, zimene munthu amatemera kwa sing'anga pofuna kudzitchinjiriza. Zimenezo ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo mkhristu amadziwa kuti Mtetezi wake ndani.

Ndiweruze bwanji tsono ntchito ya amisiri a mizere yopyapyalawa? Ndiyambe ndi kuyamikira. Pakati pa mphini zonse za masiku ano, zimenezi ndizo zofatsa. Sizitukwana, siziopseza, sizinyoza munthu. Mmisiri wabwino amayang'ana kaye m'mene mnofu wa mkono wayendera, n'kuyendetsa tsinde motsatira, monga osema akale ankatsatira maonekedwe a mzati. Amasiya mipata yokwanira pakati pa mizere poganizira zaka 20 zikubwerazo. Amamuuza mlendo wake zoona za khungu lake ngakhale atataya ndalama. Ntchito yotere ndi luso ndithu. Sindigwirizana ndi Adolf Loos, mmisiri wa nyumba wa ku Vienna, amene cha m'ma 1910 ankaphunzitsa kuti kukongoletsa zinthu ndi mlandu, ndi kuti munthu wa makono wodzilemba pathupi ndi chigawenga kapena wosokonekera. Maganizo akewo adaimika pa kunyoza anthu a mitundu ina, monga a ku Papua, ndipo akadawaona agogo athu akadawanyozanso. Eklezia sadaope masamba; adadzaza nawo makoma ake.

Koma chondidandaulitsa nachi. Zambiri mwa mphinizi zimapangidwira chithunzi cha tsiku loyamba, ndipo mwini wake ndiye adzasenze zotsatira zake mpaka kumanda. Zimafanana ngati mbale za m'sitolo: tsamba lomwelo lili pa mkono ku Johannesburg, ku London ndi ku Seoul. Minga adaichotsa, abuluzi ndi njoka adazipirikitsa, kwatsala tsamba losalala losapweteka aliyense ndiponso losatonthoza aliyense. Choposa zonse, lilibe pochokera. Ndidalondola tsinde la pa mkono uja ndi maso, monga ndimalondolera nthambi za ku San Clemente, ndipo lidangothera m'malere, pafupi ndi lamba wa wotchi. Luso lilipo, koma n'luso la duwa lothyola loika m'botolo.

Nanga mlongo wanga adalondola ponena kuti n'zachikunja? Ambiri amathamangira pa Levitiko 19:28, pamene Aisraele adaletsedwa kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Lamulo limenelo linkawapatula ku miyambo ya mitundu yopembedza mafano, ndipo vesi loyandikana nalo likuletsanso kumeta m'mbali mwa mutu ndi ndevu, zimene palibe bambo wa m'mphakati mwathu amene amazisunga. Katekisimu wa Eklezia Katolika satchula mphini ndi dzina. Chimene amaphunzitsa n'chakuti thupi lili ndi gawo pa ulemerero wa chifaniziro cha Mulungu, kuti tiyenera kusamala moyo ndi thanzi, ndi kuti kudzilemekeza pa kavalidwe ndi khalidwe la mkhristu. M'chaka cha 316 mfumu Constantine adaletsa kudinda zizindikiro pankhope za olakwa, chifukwa nkhope idapangidwa mofanizira kukongola kwa kumwamba. Komanso akhristu a ku Egypt akhala akulemba kamtanda pamfundo ya dzanja kwa zaka mazanamazana, ndipo mu Jerusalem banja la Razzouk likulembabe amwendamnjira zizindikiro za ulendo wawo woyera. Mu Malichi 2018 malemu Papa Francis, poyankha wophunzira za unsembe wa ku Ukraine, adati tisachite mantha ndi mphini, nakumbutsa za akhristu a ku Eritrea olemba mtanda pachipumi. Adati vuto ndi kupyola muyeso, ndipo adalangiza kuti mphini ya wachinyamata ikhale poyambira kucheza naye, kumufunsa chimene akufunafuna ndi kumene mtima wake wagona. Komabe mu 2024 malamulo a antchito a tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera ku Vatican adaletsa mphini zoonekera pa ntchito. Ziwirizi sizikutsutsana. Chinthu chingathe kukhala chosachimwa, koma n'kufunabe nzeru, malo ake ndi muyeso wake.

Ndipotu tonse obatizidwa tidalembedwa kale. Ubatizo umadinda pa mzimu chizindikiro chosafafanizika, chimene dzuwa silichifwifwitsa. Mneneri Yesaya, pa mutu 49, akutionetsa Mulungu amene adatilemba pa zikhatho zake kuti asatiiwale, ndipo Ambuye atauka kwa akufa adasunga zipsera za misomali, nazionetsa kwa Tomasi. Chikhulupiriro chathu chimalemekeza chizindikiro cha pathupi chimene chikusimba za chikondi. N'chifukwa chake chimafunsa chizindikiro chilichonse kuti: ukusimba za yani?

M'mawa uja sindidagamule mlandu monga mlongo wanga ankafunira. Ndidangowasimbira onse awiri za dengu la ku Corinth ndi za mayi wodyetsa nkhuku m'nthambi za mtanda. Kenaka ndidamufunsa mlongo wanga ngati akukumbukira masaya a malemu mayi athu, amene adaali ndi mphini zitatu uku ndi uku, ndipo adaimba kwaya ndi kulandira Ukaristia mpaka tsiku lawo lomaliza. Adakhala chete, kenaka adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Mwana uja adaulula kuti ankafuna kukapitiriza masambawo mpaka paphewa akabwerera ku ntchito. Ndidamupempha chinthu chimodzi chokha: adikire chaka chathunthu, aone m'mene mizere ilipoyi ikhalire, ndipo asadzaonjezere tsamba lina asanathe kundiuza kumene likumera. Adati, "Ndamva, amalume." Ngati adzasungadi, Mulungu ndiye adziwa, ana a masiku ano amavomera msanga.

Ku Misa adakhala pa benchi limodzi. Pa nthawi yopatsana mtendere ndidaona mlongo wanga atagwira dzanja lamanzere lomwelo, masamba ali pomwepo.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi mkono wolembedwa, tisayambe ndi kufuula. Tiyang'ane kaye, tifunse, timve. Ndipo inu achinyamata, safunsa adadya phula. Musanapereke khungu lanu kwa singano, funsani za ukhondo wa malowo, funsani kuona ntchito ya mmisiriyo itapola pa khungu lofanana ndi lanu patapita zaka, ndipo dzifunseni ngati chimene mukulembacho mudzatha kuchifotokozera adzukulu anu. Ambuye adadzitcha mpesa, ife natitcha nthambi zake, natichenjeza za nthambi yochoka pa tsinde. Atithandize tonse, olembedwa ndi osalembedwa, kukhala olumikizika kwa Iye.